Malume Ayamba Kuima pa Geti Lililonse

Libuyu, Livingstone
14 Ogasiti 1998

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumudziko? Mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndilipo, koma za mlongo wanu, malume a Boniface, sizili bwino.

Mukukumbuka kuti chaka chatha akuntchito kwawo anawatumiza ku Joni, madokotala n'kuwaika kachubu kawaya mumtsempha wa mtima kuti magazi azidutsa. Atabwerako anaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti achiriratu, amayi amvano n'kuimba nthungululu.

Masiku ano anthu a muno akuwatama kuti asanduka ochezeka, poti akamapita kumsika amaima pa geti lililonse kupereka moni. Tsiku lina ndinawatsatira. Si moni ayi, Amayi. Amagwira geti kudikira kuti ululu wa pamtima uleke.

Ndinachita kuwakokera kuchipatala. Dokotala akuti zikuoneka kuti mnofu wamera m'kachubu muja, njira ya magazi yayambanso kuchepa. Akuti zimachitika kwa ena ngakhale azimwa mankhwala osadumphitsa, ndipo makina oonera zimenezi muno mulibe, n'kubwerera ku Joni basi. Tauni yonseyi, azungu odzaona mathithi ali piringupiringu, koma mtima wa munthu sitingauone! Tidzasintha liti?

Akuntchito angathe kuwatumizanso, koma malumewo akanene okha asanapume ntchito mu Disembala. Akukana. Akuti munthu amene anaima pamaso pa mpingo sangabwerere kukanena kuti Mulungu anachiza theka. Atiletsa, ine ndi akazi awo Ba Namukolo, kuuza abusa. Nditakweza mawu anandiyankha kuti digiri yanga ndikaphunzitsire anzanga, mtimawo ndi wawo.

Ntchito ya ku Lusaka imene ndakhala ndikuidikira chimalizireni sukulu yatuluka. Akundifuna mwezi wamawa. Ndikapita, akagwa panjira adzawanyamula ndani? Ndikatsala, ndiolera muno. Chikwama ndalongedza, ndamasula, ndalongedzanso.

Pempho langa ndi limodzi: kwerani basi mubwere. Ndinu nokha amene mukawaitana ndi dzina lawo la ubwana amakhala chete n'kumvera. Mwina nanunso akukanirani, sindikudziwa, koma ine nzeru zandithera.

Moni kwa atate, kwa mlongo wanga Fridah ndi alamu, ndi kwa amayi aang'ono. Agogo musawauze kaye.

Mukafika musawafunse za moyo, adzati ali bwino. Muwapemphe akuperekezeni kumsika, muyende pambuyo pawo.

Ndine mwana wanu wothedwa nzeru,
Michael