Nesi Wosalankhula

Lolemba, 2 Juni
Ba Melody, otsogolera dirama ya achinyamata kutchalitchi, andipatsa malo a nesi. Mawu ndilibe. Akuti, "Eunice sakamba kale, azangoimirira na kapu ya manzi." Onse aseka. Collins ndiye dokota. Khoti loyera wabwereka kubutchala, lili ndi kamagazi pathumba.

Lachitatu, 4 Juni
Pulakitisi tachitira pabwalo pathu. Sewerolo lili chonchi: Yande adwala. Dokota ayang'ana wotchi, apukusa mutu, nkunena kuti, "Mutengeni, ise talephera." Bruce, amene ndi m'busa, apemphera. Yande adzuka nkuponya mapiritsi pansi. M'botolo taikamo nshawa, mtedza uja, m'malo mwa mapiritsi enieni.

Atate anakhala pampando wawo kuonerera. Anaomba m'manja kuposa aliyense.

Lachinayi, 5 Juni
Atate akana mapiritsi awo a BP. "Sunamvele dokota wako? Balephera."

Lachisanu, 6 Juni
Akananso. Masana adandaula mutu, kenako dzanja lamanzere dzanzi. Tapita kukiliniki.

Dokota wake mayi wamfupi, wa juzi yobiriwira, wopanda khoti. Sanapukuse mutu. Anayeza kawiri, nkufunsa amene amayang'anira mankhwala kunyumba. Ndinati ine. Anati Atate akapitiriza kudumpha, sitiroko ili pafupi. Panja Atate anati kamtsikana aka sikangakhale dokota.

Loweruka, 7 Juni
Ndafunsa ba Melody ngati Yande angadzuke osataya mapiritsi.

"Iwe, dirama ni dirama. Dokota akapoletsa, bantu bazaombela ndani m'manja?"

Ndinangoti chabwino. Ndachapa diresi loyera la nesi.

Lamulungu, 8 Juni
Tchalitchi chodzaza. Atate kutsogolo penipeni. Collins anapukusa mutu mpaka magalasi kugwa. Bruce anapemphera. Yande anadzuka, nakweza botolo.

Ndinamugwira pamkono. Sindinakonzekere. Ndinati, "Imwa," nkumupatsa kapu. Maiki inali pafupi, mawu anamveka mpaka kukhomo. Yande anayang'ana ba Melody, anandiyang'ana ine, kenako anameza nshawa ziwiri. Bruce manja akadali m'mwamba. Mayi wina kumbuyo anati ameni, yekha.

Ba Melody akuti mu dirama ndisabwerenso.

Pobwerera Atate anaima pamsika kugula chinangwa. Kunyumba anavula nsapato, anakhala, nkundiyang'ana.

"Unanichititsa nsoni pa bantu, manyazi yekayeka."

Ndinangoimirira pakhomo.

"Nanga waimilila chani? Leta kuno botolo. Osati ya nshawa."