Ulusi wa pa Mkono wa Bambo

Lamulungu, 11 Ogasiti 2024

Azakhali a Bibiana adula ulusi wa pa mkono wa bambo. Ndi lezala. Ine ndili ku Misa, iwo atatsala kuti aziyang'anira wodwala.

Pobwera ndapeza mkono uli mbee. Pangotsala kamzere kotuwa pamene dzuwa silinkafika. Akuti madzulo kubwera a mphakati kudzapemphera, ndiye asapeze mkhristu wamkulu ngati mlongo wawo atavala chithumwa. Ulusiwo autaya m'chimbudzi. Andiuza zonsezi uku akupeta chimanga, osadzutsa n'komwe mutu.

Ndawauza kuti si chithumwa. Akuti chingwe chilichonse cha pamkono chili ndi mwini wake kutchire.

Bambo chiwagwereni sitiroko mu Juni, mbali yonse yakumanja inafa. Mawu amatuluka ophwanyikaphwanyika. Akanawaletsa bwanji? Angotembenuzira nkhope kukhoma. Phala la masana labwerera momwe linapitira.

Mtima wanga ukuwira. A mphakati abwera, aimba, apita. Palibe ndi mmodzi yemwe wayang'ana pamkonopo.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Sakudya. Madzi okha, nawonso mokakamiza. Ndayesa nthochi yokanya, ndayesa tiyi wa mkaka amene amamukonda. Akumanga milomo ngati mwana wokana mankhwala.

Kumsika sindinapite. Tomato akuwola m'dengu, wa benchi loyandikana nane akusangalala.

Ndilembe pano nkhani ya ulusiwu, chifukwa pakhomo pano aliyense akuinena mwa iye yekha. Bambo, a Andrea, anali telala pa khonde la sitolo ya Mmwenye pa Namitambo pano. Kalekale, boma lisanalamule kuti Amwenye achoke m'midzi akakhale m'matauni. Mwini sitoloyo anali Mhindu, ana ake aakazi okhaokha. Kwawoko kuli tsiku lina mu Ogasiti, mwezi ukakhala wathunthu, limene mkazi amamanga ulusi pa mkono wa mlongo wake wamwamuna. Amautcha rakhi. Womangidwayo amapereka mphatso, n'kulonjeza kuti azimuteteza mlongo wakeyo moyo wake wonse. Savita, mwana wamkulu wa m'sitolomo, analibe womumanga. Tsikulo litafika anangotuluka, n'kudula ulusi wofiira pa makina a bambo omwewo, n'kuwamanga. Bambo amati anaseka. Mwini sitolo anawaitanira m'kati n'kuwauza kuti asaseke, zimenezo si masewera, kuyambira lero ameneyu ndi mlongo wako.

Chiyambireni sanaphonyepo. Chaka chilichonse ulendo wa ku Limbe kumene anasamukira a Savita, jekete lakuda, kathumba ka nandolo woyamba wa m'munda mwathu. Kubwerako ndi ulusi watsopano, kadontho kofiira pachipumi, m'thumba maswiti otsekemera mpaka kupweteka mano. Ena akuti amauvula pakapita masiku. Bambo ayi. Wawo unkakhala mpaka utapezana ndi unzake.

Amuna a a Savita atamwalira, bambo anakagona pamaliro. Mayi anga atamwalira, a Savita anabwera kuno, anakhala pamphasa ndi amayi anzawo, analira nafe. Chithumwa chanji chimenecho?

Tsikulo chaka chino ndi Lolemba likubwerali. Bambo akulidziwa. Madzulo amaloza pawindo ndi dzanja lamanzere kuti ndiwaonetse mwezi.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Misa ya Amayi Maria. Itatha ndawatsata abambo mfumu mpaka pagalimoto. Ndawafotokozera zonse, mwina mokweza mawu kuposa muyeso. Andifunsa ngati bambo amapemphera kwa ulusiwo. Ndati ayi, korona yawo ili pamutu pa bedi. Akuti ndiye vuto lili pati, asiyeni achikulirewo ndi mlongo wawo.

Ndafika nawo mawuwa kwa azakhali ndili njo, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Angoti abambo mfumu ndi mwana wadzulodzulo. Munthu ameneyu! Dzana tchalitchi chinali kumbali yawo, lero tchalitchi ndi mwana.

Foni ya bambo inafa kalekale, nambala ya ku Limbe inafera momwemo. Ndipita ndekha mawa. Ndawanong'oneza bambo. Andigwira chala mwamphamvu. Koma phala akanabe.

Masaya awo alowa. Ndikuopa. Ndilembe poyera: ndikuopa kuti afa ndi njala chifukwa cha kaulusi.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Limbe. Fumbi, mahutala, minibasi yodzaza mpaka mwendo wanga wachita dzanzi. Nyumba ndaipeza, ndinapitako kawiri ndili mtsikana. Nsapato kuvulira pakhomo. Fungo la lubani lomwe lija.

Maganizo anga anali oti a Savita abwere kuno Lolemba. Ndawaona, maganizowo athera pomwepo. Achepa ngati kamwana. Mutu unasokonekera, akuti chiyambire chaka chatha. Mwana wawo, a Dinesh, amene akuyendetsa sitolo tsopano, samuzindikira. Amamufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Akangotuluka pageti amakuwa ndi mantha. Ulendo wa ku Namitambo sungatheke.

Ineyo sanandidziwe. Koma nditati ndine Thokozile, mwana wa a Andrea, anawongoka. “Andrea bhai wabwera?” Bhai ndiye kuti achimwene. A Dinesh akuti funso limeneli lakhala la tsiku ndi tsiku chilowereni mwezi uno. Dzina la amuna awo anaiwala. Tsiku la ulusi sanaiwale.

A Dinesh ndi munthu wabwino, koma wa changu cha m'sitolo. Akuti andipatse ulusi ndikawamange ndekha bambo. Ndakana. Ine ndine mwana, si mlongo. Bambo angandione ngati ndikuwanyengerera ndi chidole.

Ndawauza kuti Lolemba tifika. Andiyang'ana ngati ndapenga. Mwina ndapengadi. Koma ngati mlongo sangapite kwa mlongo wake, winayo apita. Ndi mmene zakhalira zaka zonsezi.

Loweruka, 17 Ogasiti

Galimoto yapezeka. Ya a Nasir, ija imanyamula kabichi kupita ku Limbe. Avomera kuyala matiresi kumbuyo ndi kuyenda pang'onopang'ono m'mabampu. Za mafuta tagwirizana, ndigulitsa mbuzi yaing'ono ija. Basi, ipite, inali yakuba m'minda ya eni.

Kenako nkhondo. Azakhali akuti ndikufuna kuwaphera panjira bambo anga. Ndati amene akuwapha ndi amene anagwira lezala. Mawu oipa, ndikudziwa, koma sindiwabweza. Takuwizana mpaka ana a kwa aneba kudzaima pampanda.

Ndiye anakhala pansi pa mtondo, chitenje kukamwa, n'kuyamba kulira. Sindinawaonepo akulira chimwalirireni amuna awo.

“Ukuyesa sindikudziwa kuti si chithumwa? Ndikudziwa. Ine ndinabadwa naye mimba imodzi. Nandolo woyamba ku Limbe, ine kwanga ku Mauwa kulandira wotsala. Lero wagwa, womusambitsa ndine, womutembenuza ndine, koma pamkono pali wina.”

Mkwiyo ndinali nawobe, koma unasowa pogwira. Zoona, denga lawo litagwa bambo ndi amene anakafolera. Ana awo awiri anaphunzira ndi makina osokera a bambo. Koma jekete lakuda sanawavalirepo. Zimenezo nanenso ndinaziona.

Ndangowauza kuti Lolemba tikupita, afune asafune.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Ndathyola nandolo, ndasola ndekha pakhonde. Bambo akumva kulira kwa makoko, maso ali pa ine. Amwa phala masipuni angapo. Oyamba chiyambire sabata.

Jekete ndalichapa, lakula kapena iwo ndiwo achepa.

Madzulo azakhali atulukira ndi tambala wathu wofiira, miyendo yomanga kale. Akuti nawonso akupita, akamuone mlongo wopambanayo. Ndipo sangalowe pakhomo pa eni chimanjamanja ngati anthu osaleredwa, ndi tinyemba tokha. Ndawauza kuti anthu aja sadya nyama, ngakhale dzira. Akuti palibe munthu wokana nkhuku.

Ndawasiya. Ndatopa ndi kukangana.

Lolemba, 19 Ogasiti

Tapita. Tabwerako. Ali moyo.

Panjira ndinawapakata mutu, azakhali kumiyendo, tambala pakati pa makabichi akulira bampu lililonse. A Nasir anayendadi bwino, Mulungu awadalitse.

Tambala anathera pageti. Mkazi wa a Dinesh anathokoza kawiri katatu, manja ali pachifuwa, koma osamukhudza. Anatsala ndi a Nasir m'galimoto. Azakhali nkhope gwa, osandiyang'ana.

Bambo tinawanyamula pampando mpaka pabalaza. Atangowaona, a Savita anaitana dzina lawo, n'kuyamba kuwakalipira m'Chinyanja chawo chija chopanda mchira kuti achedwa, awonda, kodi sakudya? Bambo kuseka ndi mbali imodzi ya kamwa, misozi ili chuchuchu.

Anabweretsa mbale ya mkuwa. Kanyali koyaka, ufa wofiira, timpunga, maswiti, ndi ulusi wofiira wa timikanda tagolide. A Savita anawadontheza chofiira pachipumi, anazunguza kanyali patsogolo pawo. Manja amene sadziwanso kugwira sipuni, izi anazichita osawauza.

Kenako ulusi. Umamangidwa kumanja. Kumanja kwa bambo n'kumene kunafa. Anayesa kuudzutsa mkonowo, thukuta kamukamu, osatheka. A Dinesh anati palibe kanthu, amange kumanzere. Bambo anapukusa mutu, n'kubisa dzanja lamanzere kukhwapa. Makani a pamtundu pathu.

Ndisanasunthe, azakhali anali atagwada kale. Anaunyamula mkono uja ndi manja awiri, mmene amachitira powasambitsa, n'kuupereka. A Savita anakulunga ulusi. Kufika pa mfundo, zala zinakana. Kunjenjemera, ulusi kupulumuka, kuyesanso, kupulumukanso. Anayamba kulira mokwiya ngati mwana.

Kenaka a Savita anawayang'ana azakhali n'kufunsa kuti iwe ndiwe yani.

“Ndine mlongo wake.”

“Ndiye manga. Ukungoyang'ana chiyani?”

Azakhali anasanjika mkonowo pabondo pawo, anagwira nsonga imodzi, a Savita inayo. Mfundo anaimaliza ndi azakhali. Anaikoka kawiri, mfundo ya pathumba la chimanga. Ine ndinatuluka panja kukaona tambala.

Switi yoyamba a Savita anawadyetsa bambo. Anadya yonse. Yachiwiri anaikankhira m'kamwa mwa azakhali asanakonzeke. Nandolo bambo anapereka okha ndi dzanja lamanzere.

Tambala tabwera naye.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Akudya. Phala mbale yonse, masana mbatata yokanya. Ndabwerera kumsika, benchi langa ndalipeza lili ndi mwini watsopano, ndamuchotsa.

Tambala uja azakhali amupha, akuti wayenda mokwanira. Msuzi wake bambo amwa.

Powasambitsa bambo, ndawaona azakhali akukweza ulusi m'mwamba kuti usanyowe. Atazindikira kuti ndikuwaona akuti sopo amawononga mikanda, nanga zinthu zodula chonchi. Akuti maswiti a Amwenye ndi shuga yekhayekha, koma kabokosi kali m'chikwama mwawo ndipo kakupepuka.

Ayi, tipulumuka. Mwezi wamawa ndiwatengeranso kuchipatala akaone za mwendowu.

Lachisanu, 6 Seputembala

Bambo tawaika dzulo. Sitiroko yachiwiri, Lachiwiri m'mawa, atangomaliza tiyi. Sanavutike.

Anthu anabwera ambiri. A kwaya, a mphakati, matelala akale a pa Namitambo. A Dinesh anafika ndi a Nasir, anaima kumanda mpaka dothi lomaliza.

Posambitsa thupi, adzukulu anatuma mawu kuti pamkono pali chingwe, achotse kodi, poti munthu sapita ndi zomangamanga. Wina anali atatenga kale lezala. Azakhali anadzuka pakati pa amayi, mpango uli m'chiuno, n'kukaima pakhomo pa chipindacho.

“Ameneyo musamukhudze. Tinamanga ndife, alongo ake.”

Apita nawo. Jekete lakuda, korona m'dzanja lamanzere, ulusi kumanja.

Lero azakhali abwerera ku Mauwa. Asananyamuke apatula nandolo wouma m'kathumba, asoka kukamwa, andiikira pakhomo. Akuti nditapuma ndikapereke ku Limbe, ndipo ndiwadzere tipitire limodzi.

A Dinesh akuti amayi awo sanawauze. Akuti ngakhale awauze, mawa aiwala, adzafunsanso. Ndiye tikakalowa pabalaza paja, akatiyang'ana n'kufunsa kuti Andrea bhai wabwera, ine ndidzati chiyani?