Holo Yotomeredwa: Msonkhano wa Komiti ya Ukwati wa Weston ndi Zipora

Tsiku: Lamulungu, 8 Malichi 2026
Malo: Pakhonde pa Bambo Kapalamula, Chinsapo 2
Nthawi: 2:00 masana (unayamba 2:50)

Opezekapo:
Bambo Enerst Kapalamula, Wapampando
Mayi Pauline Chagunda, Mlembi (mkulu wake wa mkwatibwi)
Mayi Queen Matemba, Msungichuma
Bambo Kasimu Ajusa, woona zamayendedwe
Bambo Clifford Maseko, malume a mkwati ndiponso nkhoswe ya kuchimuna (si membala, koma anakhala pampando wabwino koposa)
Weston Nyoni ndi Zipora Chagunda, eni ukwati (oitanidwa, opanda voti)

Opepesa: Mayi Tusekele Mwangonde, woona zakudya, ali kuntchito.
Osapepesa: Bambo Dan, woona zoimbira.

1. KUTSEGULIRA

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero. Anapepesa chifukwa chochedwa kuyamba, ndipo anati vuto linali mvula. Mvula inagwa Lachisanu.

2. ZA MSONKHANO WAPITAWO

Mlembi anawerenga zolembedwa za msonkhano wapitawo ndipo zinavomerezedwa. Wapampando anakumbutsa mamembala kuti ukwatiwu wasunthidwa kale kawiri. Koyamba kwacha inagwa kutatsala miyezi iwiri, holo yomwe tinapeza ku Kawale n'kukwera mtengo mowirikiza. Kachiwiri mwini malo ena ku Area 36 anatibwezera ndalama zathu akumwetulira, tsiku lathu n'kupatsa anthu a thumba lolemera. Tsopano mpingo watipatsa Loweruka la 10 Okutobala, ndipo abusa anena kuti tikaliphonyanso tikayambire kumapeto kwa mzere.

Mlembi anawonjezera kuti amayi apampopi ayamba kumutchula Zipora kuti "mkwatibwi wa chaka chamawa", moti masiku ano madzi amatuma wina kukatunga. Mlembi amakhala naye nyumba imodzi, ndipo zimenezi zimamupweteka kwambiri. Wapampando anati mfundoyi siili pamndandanda, koma aimva.

3. LIPOTI LA OKAONA MALO

Msungichuma, Mayi Matemba, anafotokoza kuti Lachiwiri iwo ndi Bambo Ajusa anakaona holo ya Mayi Nangozo ku Area 25. Bambo Maseko, omwe abwera kuchokera ku Ntcheu, anakwera nawo galimoto chifukwa ankafuna kukaona mlamu wawo chakomweko. Palibe anawatuma.

Malowo ndi abwino. Pali kapinga wobiriwira, zimbudzi zinayi zamadzi, ndipo tsiku la 10 Okutobala silinatengedwe. Vuto ndi mtengo. Lero holoyo ndi K900,000, koma Mayi Nangozo anakanitsitsa kunena kuti mu Okutobala idzakhala zingati. Mawu awo anali akuti: "Mtengo wa Okutobala mudzaumva mu Okutobala. Inuyo mukudziwa kuti shuga adzuka zingati mawa? Ine si mneneri." Ananenanso kuti wofuna tsikulo apereke chikole cha K150,000 pofika Lolemba, poti banja lina la ku Area 18 likulifunanso.

Mayi Matemba anati iwo anakana, chifukwa chikole chogwira tsiku koma osagwira mtengo n'chimene chinatigwetsa chagada ulendo woyamba uja. Anakangana ndi mwini holoyo ola lathunthu, anatulutsa ndi kakyuleta komwe, koma anabwerako chimanjamanja.

Bambo Ajusa anawonjezera kuti nthawi yonseyi Bambo Maseko anali phee, koma atangomva mawu akuti "chikole" anavula chipewa.

4. ZIMENE ANACHITA BAMBO MASEKO

Bambo Maseko anapempha kuti alankhule. Wapampando anati si membala. Bambo Maseko anathokoza ndipo analankhula.

Iwo anati: "Ine ndinamva ndi makutu angawa mayi aja akuti chikole. Kwathu chikole sapereka choimirira pageti ngati ukugula tomato, ayi. Ndinaona kuti anawa atichititsa manyazi kwa eni ake."

Anafotokoza kuti Lachinayi anavala suti, anagula chitenje ndi mpango, anatenga K150,000 yomwe anagulitsa mbatata yawo ya kachewere, nabwerera ku Area 25 limodzi ndi mlamu wawo uja. Atafika anakhala pansi, anaomba m'manja, nanena kuti abwera kudzatomera holo.

Mayi Matemba anafunsa kuti, "Kudzatomera chiyani?" Bambo Maseko anayankha kuti, "Holo, mayi." Apa msonkhano unaima kwa mphindi zisanu ndi ziwiri. Bambo Ajusa anagwa pabenchi ndipo anadzutsidwa. Wapampando anagogoda tebulo katatu, koma naye mapewa anali kunjenjemera. Ana a nyumba yoyandikana anabwera kudzasuzumira, akuganiza kuti wina wapambana mpikisano.

Bata litabwerera, Bambo Maseko, omwe sanaone choseketsa, anapitiriza. Anati Mayi Nangozo, omwe kwawo n'ku Dedza, nawo anaseka mpaka misozi. Atapukuta m'maso anati ngati nkhani yake ndi imeneyo, iwo sangayankhe okha, mwana ali ndi eni ake. Anatumiza foni kwa mchimwene wawo kuti abwere akhale nkhoswe ya holo. Mphasa inayalidwa pansi pa mtengo wa mango.

Bambo Maseko anati pamphasapo iwo ananena kuti: "Mwana mukamulandirira chikole simumupatsanso wina. Ndiponso simubwera mawa kudzati mwana uja wanenepa, onjezani ndalama."

Mayi Nangozo akuti anayankha kuti: "N'zoona, bambo. Koma mwana wotomeredwa amadya, amasamba, amavala. Kuchoka lero mpaka Okutobala amusamala ndani? Kodi mkamwini wathuyo amagwira ntchito yanji?"

Atamva kuti Weston amawotcherera zitsulo ku Biwi, Mayi Nangozo akuti anaimirira msanga kuposa msinkhu wawo, n'kuwatengera kuseri kwa holo. Kumeneko kuli mulu wa mipando yachitsulo yothyoka, yokwana 84, komanso geti lomwe amalimanga ndi waya. Akhala akulephera kukonzetsa zimenezi chifukwa mmisiri aliyense amene amuitana amasintha mtengo asanafike n'komwe.

Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anagwirizana izi:
(a) Tsiku la 10 Okutobala ndi la Weston ndi Zipora, ndipo a ku Area 18 akafunsire kwina.
(b) Mtengo ukhala K900,000, kwacha igwe kapena idzuke.
(c) Weston, monga mkamwini, azikagwira ntchito kwa "apongozi" masiku awiri pamwezi, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, akonze mipando yonse ndi geti. Zitsulo, magetsi ndi chakudya chamasana ndi za Mayi Nangozo.
(d) Mbali yomwe ithetse chitomerochi idzalipira mbuzi.

5. KUKAMBIRANA NDI CHIGAMULO

Mayi Matemba anafunsa lisiti. Bambo Maseko anati chikole chilibe lisiti, lisiti yake ndi ankhoswe. Mayi Matemba anati ankhoswe sangawamate m'buku lawo, ndipo mbuzi sangaisunge m'faelo. Bambo Maseko anati ankadziwa kuti anthu am'tauni sakhulupirira munthu mpaka aone inki, ndiye anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala long'ambidwa m'kope. Pepalalo linali ndi mfundo zonse zinayi, ndipo panasaina Mayi Nangozo, mchimwene wawo ndi mboni ziwiri. Mayi Matemba analiwerenga kawiri, analitembenuza, analiyang'ana padzuwa, koma sanalipeze chifukwa.

Mayi Matemba anapempha kuti mwambi umene anawaponyera Bambo Maseko m'galimoto Lachiwiri, woti chalaka bakha nkhuku singatole, usalembedwe. Walembedwa.

Wapampando anadzudzula Bambo Maseko chifukwa chochita zinthu m'dzina la komiti asanatumidwe, ndipo anati zisadzachitikenso. Atamaliza anaimirira n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

Bambo Ajusa anakumbutsa komiti kuti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Anafunsa ngati abusa akudziwa kuti mkwati watomera kawiri chaka chimodzi, komanso kuti wamkulu ndani pakati pa Zipora ndi holo, poti holoyo ili ndi zimbudzi zinayi. Msonkhano unaimanso. Mayi Matemba, omwe kawirikawiri saseka pamaso pa ndalama, anabisa nkhope m'buku lawo.

Zipora yekha sanaseke. Anakweza dzanja, ndipo Wapampando anamulola ngakhale alibe voti. Iye anati akuthokoza amalume, koma aliyense wasangalala asanamufunse mwini ntchitoyo. Anati masiku khumi ndi awiri osatsegula pantchito si ochepa kwa munthu amene akufunafunanso nyumba yoti akalowemo. Mawu ake anali akuti: "Ine tsikulo ndikulifuna, Mulungu akudziwa. Koma sindikufuna Weston akasanduke waganyu wosalipidwa chifukwa choti ine ndatopa kusekedwa. Ngati n'zolemera, tisunthenso. Ndazolowera."

Bambo Maseko anayang'ana chipewa chawo. Zinaoneka kuti mfundo yofunsa Weston inali isanawafikepo m'mutu.

Wapampando anapempha Weston kuti anenepo maganizo ake. Zidziwike kuti pamisonkhano yonse yapitayi, mawu a Weston amene analembedwa ndi "eya" basi. Anaimirira, nafunsa kuti, "Amalume, mipandoyo yathyoka miyendo kapena misana?" Bambo Maseko anati yambiri ndi miyendo. Weston anati miyendo sivuta.

Kenaka anatembenukira kwa Zipora nati: "Kawiri konse ndakhala ndikukuuza kuti udikire, ndipo ulendo wachiwiri uja ndinalephera n'kukuyang'ana kumaso komwe. Mtengo wa shuga sindingaugwire. Kwacha sindingaigwire. Koma mwendo wa mpando ndingaugwire, ndi ntchito yanga. Ndipita. Patsikulo anthu adzakhalira mipando imene ndakonza ine, ndipo wina akadzagwa mudzandifunse."

Apa pali mpata m'zolembedwazi chifukwa mlembi sankaona bwino pepala. Mng'ono wakeyo anamulera yekha kuyambira ali Sitandade 5, ndipo sanamuonepo akulira ndi kuseka nthawi imodzi ngati lero. Mlembi sakupepesa.

Komiti inavota. Ovomereza anayi, okana palibe. Bambo Maseko nawo anakweza dzanja, koma silinawerengedwe. Anagwirizana kuti Msungichuma awabwezere K150,000 yawo. Ya chitenje ndi mpango anaikana, ponena kuti mwamuna sabwezeredwa zimene wapatsa apongozi.

6. ZINA NDI ZINA

(a) Bambo Ajusa anachenjeza kuti mtengo wa minibasi nawo sukudziwika, ndipo anafunsa ngati Bambo Maseko angakhale ndi mpata wokatomeranso ziwiri. Bambo Maseko anati madalaivala sadziwa mwambo.

(b) Mayi Matemba anati a keke nawo akukana kunena mtengo. Nkhaniyi yasiyidwira Mayi Mwangonde akadzabwera.

(c) Wapampando analamula kuti makadi asindikizidwe sabata ino, tsiku lilembedwe ndi makina, osasiya mpata wodzalemba pamanja.

7. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Lamulungu, 12 Epulo 2026, nthawi ya 2:00 masana, kuholo komweko ku Area 25, kuti komiti ikaone ngati mkamwini wayamba bwino. Mamembala avale zaulemu.

8. KUTSEKA

Wapampando asanatseke, Zipora anakwezanso dzanja nafunsa kuti, "Ndiye ndiwauze anthu?" Wapampando anayang'ana Msungichuma, Msungichuma anayang'ana pepala lija, ndipo onse awiri anati, "Auze."

Zipora sanadikire pemphero. Anatuluka pageti osavala ndi nsapato zomwe, naima pakati pa msewu, nakuwa mokweza kuti, "Pa 10 Okutobala! Ku Area 25! Musadzati sindinakuuzeni!" Wakabaza wina anaima n'kuliza belu. Nthungululu inayambira nyumba yoyandikana, inalumpha mpanda, n'kutsika mpaka kuzigayo.

Wapampando anapempha mlembi kuti atseke ndi pemphero, koma mlembi anali kale kumsewu. Akuti anapemphera ndi Bambo Maseko, ndipo palibe anamva chimene ananena. Nthawi yotsekera mlembi anachita kuuzidwa atabwerako, akuti inali 5:10 madzulo.

........................................
Enerst Kapalamula
WAPAMPANDO

........................................
Pauline Chagunda
MLEMBI