Diso la Achimwene Anu

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana, ndiponso kuti mwendo uja wasiya kukuvutani. Ife kuno tilipo.

Ndalemba chifukwa pa foni simundilola kumaliza mawu.

Mukukumbuka achimwene anu atagonekedwa ndi chimfine choopsa chija, mpweya ukuwathera. Mankhwala amene anawapatsa, otchedwa masiteroyidi, anatsegula chifuwa, tinabwerera kunyumba tikuseka. Koma adokotala akuti mankhwala omwewo anakweza shuga wawo n'kufooketsa chitetezo cha m'thupi.

Posakhalitsa mphuno yakumanzere inatseka, tsaya linachita dzanzi. M'mawa wina ndinapeza zakuda pa pilo, chikope chitatupa. Ankandiona pawiri, n'kumaseka kuti tsopano ali pa mitala.

Kuchipatala anati ndi chuku, changati chomera pa buledi, chamera m'mphako za mphuno mpaka kuseri kwa diso. Anapala m'mphunomo, anawaika madiripi owanjenjemeretsa thupi lonse, koma diso linafa ndithu. Adokotala anatiuza mosabisa kuti likatsala, chukucho chilowa mu ubongo.

Inu munati tidikire mufike, diso silizulidwa ngati dzino. Ndinakumvani, alamu, koma matendawa sankadikira tchuthi chanu. Achimwene anu anandifunsa kuti dalaivala wa diso limodzi adzamulemba ntchito ndani. Ndinawayankha kuti basi ipeza woyendetsa wina, koma mapasa athu sapeza bambo wina. Kenako anaitana okha namwino n'kuvomera.

Lachinayi disolo analichotsa. Ngati pali mlandu, ndiusenza ine, ndipo zitachitikanso ndingavomerenso.

Panopa akudya, akunyoza tiyi wa m'chipatala. Dzulo anayenda mpaka pakhomo la wodi, anagunda chitseko ndi phewa, choncho ndaphunzira kuyenda kumanzere kwawo. Madiripi akadalipo kwa milungu ingapo, ndipo impso akuziyeza kawirikawiri. Sitinawoloke, koma sindibwerera m'mbuyo.

Pempho langa ndi ili. Bwerani, mundikalipire pakhonde mmene mungafunire, koma misozi muisiye pa geti. Kudziyang'ana pagalasi akana. Tsiku lochotsa bandeji akuti adzayang'ana nkhope yanu, poti inu simunawanamizepo chibadwire. Mudzawayang'ane osagwetsa maso.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumbako ndi ana onse. Mulungu akusungeni mpaka tionane.

Ndine mlamu wanu,
Make mapasa