Chigafa chanu achitcha holo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo, tikupuma. Ndati ndikhale pansi ndikufotokozereni za pamudzi pano, chifukwa mutati mubwere lero mukhoza kusochera pakhomo panu pomwe, n'kumafunsa njira kwa ana amene simukuwadziwa.

Ndiyambe ndi yokoma. Tiyamike, mdzukulu wanu uja munkamuseka kuti ali ndi miyendo ya nkhuku, ali ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndipo akakwiya amakwinya pamphumi monga munkachitira mukapeza fodya wosokedwa mwaulesi. Akamwini anu akadali ouma mutu, bondo lokha ndilo layamba kuwalangiza. Chimanga tinakalima ku Wimbe pamunda wobwereka, ndipo chabereka bwino ndithu, soya nayenso sanatichititse manyazi. Njala chaka chino itiona patali.

Mufunsa kuti bwanji kukalima ku Wimbe pamene tili ndi munda. Amayi, tawuni ija munkailoza ndi chala n'kumati “magetsi a pa boma awo” yatipeza, ndipo yabwera osanena n'komwe odi. Munda wa kumtunda, umene tinagawana titamanga chiliza chanu, tinaudula mapoloti monga anachitira anzathu onse. Lero ndi nyumba zokhazokha, za malata ofiira, obiriwira, ena abuluu. Pamene panali nazale ya fodya pali sukulu ya mkaka, ndipo nayonso akuitcha nazale. Ndiye kuti tangosintha mbewu basi.

Anthu obwerawa ndi abwino, koma ali ndi matenda amodzi. Munthu akagula poloti, asanakumbe n'komwe chimbudzi, amayamba ndi mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Ukafuna kupempha mchere umatola mwala n'kugogoda, woyamba kukuyankha n'kukhala galu. Nkhuku zanga zasokonezeka mitu. Zikauluka kulowa kwa eni sizidziwa potulukira, ndiye ndimangozimva zikundiitana kuseri kwa khoma. Inu munkati pakhomo posaoneka utsi sadziwa kuti pali wodwala. Masiku ano timamva za wodwala atatuluka kale kuchipatala.

Malo okha amene atsala opanda mpanda ndi chigafa chanu cha m'mbali mwa msewu, chija munasankha nokha mphanda zake, kukana zokhota zonse mpaka atate anakwiya. Fodya sitilimanso, koma chigafa sichinagone ulova. Akabaza amadikiramo anthu, azimayi amayalamo tomato ndi bonya, a kwaya amaphunziriramo nyimbo, ndipo pakagwa zovuta azibambo amakhala mmenemo. Palibe anapempha, palibenso amene ndinamuletsa. Vuto linali denga. Udzu unawola, chiswe chinalowa, ndipo tsekera wofolerera ungamupeze kuti pamene dambo lonse ndi maziko a nyumba?

Apa ndi pamene tinasemphana ndi mwana wanu Filipo. Alongo angawo akadali ku Santhe kuchikamwini, koma chimwalirireni malume ndiwo mwini mbumba, ndipo udindowo amauvala ngati jekete la pa Sabata. Anabwera, nazungulira chigafa manja ali kumbuyo, n'kunena kuti, “Mlongo, chigafa chopanda fodya ndi nyumba ya chiswe. Tigwetse, timange mashopu a lendi, ana aphunzire. Kapena ukufuna chidzagwere munthu, tidzayimbidwe mlandu?” Sindinganame, sankalakwa. Malo a m'mbali mwa msewu akufunidwa ngati mchere, ndipo madobadoba ankabwera tsiku ndi tsiku kudzandilonjera ngati ndine wodwala. Koma mtima wanga unakana. Ndinawayankha zambiri zimene sindingalembe, pakuti munatilera bwino. Iwo anangoti mvula isanagwe abwera ndi nkhwangwa, ndipo mukudziwa kuti Filipo akanena wanena.

Ndili m'kati modandaula choncho, m'mawa wina kunabwera mayi Nyirenda, namwino wochokera kumpoto amene anamanga pamene panali chulu chachikulu chija. Anakhala pamkeka mwaulemu, nati, “Monire amama. Ndabwera kudzapempha holo. Mwana wa mkulu wanga ali ndi chinkhoswe.” Ndinawauza kuti asochera, maholo ali ku tawuni. Iwo anati ayi, holo ya m'dera lino, ndipo anauzidwa kuti woyang'anira ndine. Ndinafunsa kuti holo iti, mayi? Anatembenuka n'kuloza chigafa chanu. Amayi, ndinaseka mpaka kugwira nthiti, mlendo n'kuyamba kuchita manyazi.

Nditafufuza ndinapeza kuti mwini nkhani ndi Jailosi. Mukumukumbuka, mwana wa matenanti aja anachokera ku Phalombe, amene munkamupatsa mbatata akamakana kupita kusukulu. Pano ndi bambo wa ndevu zake, dobadoba wa mapoloti, nsapato zosongoka, foni ziwiri. Aliyense wofuna malo amamuuza kuti dera lino ndi lotukuka: madzi pafupi, magetsi pafupi, holo pafupi. Anthu a m'tawuniwa sanaonepo fodya atapachikidwa pamikangala, ndiye ankangoona chisakasa chachitali chodzaza anthu n'kukhulupirira. Nditamukalipira anavula chipewa nati, “Amayi, ndanama pati? Simusonkhana mmenemo?”

Ndinawalola mayi Nyirenda. Mumtima ndinkati chigafa chione chisangalalo komaliza chisanagwe. Kwa alongo sindinanene kanthu, nawonso sanandiuze tsiku limene adzabwere.

Loweruka la chinkhoswe linafika. Azimayi anasesa, anakulunga mphanda zanu ndi nsalu zoyera, pamikangala anapachika maluwa a pepala, mwakuti mukanaona mukanafunsa kuti fodya wamtundu wanji ameneyu. Mageti onse aja anatseguka, ndipo ndinaona nkhope za anthu amene ndinkangowadziwa ndi agalu awo. Mwambo unayenda bwino, tambala ndi msoti anasinthana, mkwatibwi analandira lichero, mthiko ndi chipande. Itakwana nthawi yopatsa mkwati zida zake, zinthu zinaima. Malume a mkwatibwi, amene ankabwera ndi nkhwangwa kuchokera ku Mzimba, anali asanafike, minibasi itawafera panjira. Woyendetsa mwambo, mnyamata wolankhula ngati wailesi, ankangozungulira ndi nthabwala, thukuta lili kamukamu, maso ali kumsewu.

Ndiye taonani, Amayi. Kabaza waima, ndipo akutsika ndani? Filipo, jekete lake lija, nkhope ya mlandu, nkhwangwa ili paphewa. Asanatsegule pakamwa, woyendetsa mwambo anakuwa kuti, “Afika! Malume afika ndi nkhwangwa! Azimayi nthungululu!” Akuchimuna, amene sankawadziwa malume enieniwo, anathamanga ndi zitenje kuwayalira pansi, nyimbo n'kukwera, amayi ena onenepa n'kuwagwira mkono kuyamba kuvina nawo. Alongo ankati akayang'ana uku aona mano okhaokha, akayang'ana uko aona ine nditabisa nkhope m'chitenje. Ankayesa kunena kuti “Pepani, ine ndabwera kudza...” koma mawu ankamira m'ng'oma.

Mayi Nyirenda anazindikira msanga kuti zalakwika. Anawayandikira, nagwada, n'kunong'ona kuti, “Adada, tivinikireni. Mwana angachite manyazi pamaso pa apongozi.” Mukudziwa kuti mwana wanu ndi wouma pakamwa koma wofewa pamtima. Anakonza jekete, natsokomola, n'kupereka nkhwangwa kwa mkwati ndi manja awiri. Analangizanso! Anati mwamuna ndi amene amamanga, osati wogwetsa. Atanena mawu amenewo anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana, ndipo anakhala pansi msangamsanga.

Anawakhazika pampando wa ulemu, pakati penipeni pa chigafa, mbale ya mpunga ndi nkhuku ili pamiyendo. Ndinkawaona akukweza maso kuyang'ana denga, kenako anthu, kenako denga. Malume enieni anafika dzuwa litapendeka, ndi nkhwangwa yawo, moti mkwati uja ali ndi ziwiri. Ya alongo sinabwerere. Munthu ungapite bwanji kwa mkwati kukalanda mphatso imene unapereka anthu akuwomba m'manja?

Anthu atabalalika tinakhala awiri pa benchi ya akabaza. Sanandikalipire. Anangoti, “Mlongo, anthu onsewa akanakhala pati?” Ndinati sindikudziwa. Anati, “Koma denga ili lipha munthu. Likhale lolimba, apo ayi ligwe. Za pakatikati sindikufuna.” Mawu amenewo ndinakawatula kwa mayi Nyirenda, iwo anawatula kwa Jailosi, ndipo Jailosi, poopa kuti holo yake ingasowe n'kumutcha wabodza, anayenda geti ndi geti. Aliyense womanga nyumba amatsala ndi kanthu. Wina anabweretsa malata awiri, wina limodzi, wina misomali, wina matabwa. Mwambi uja munkautchula mukafuna kutitumiza ntchito, wakuti mutu umodzi susenza denga, ndinauona ukuyenda ndi miyendo mumsewu. Za mashopu tagwirizana kuti timange awiri kumbali ya kukhitchini yakale, ana asatiyimbe mlandu.

Tsopano pali chimene ndiyenera kukuuzani, ndipo ndikudziwa kuti mukwinya pamphumi. Inu munkati malata ndi a anthu, fodya amafuna udzu, chifukwa pansi pa malata tsamba limapsa lisanakhwime mtundu. Pamene ndinkalandira malata aja ndinadziwa chimene ndikuvomera, kuti m'chigafa chanu simudzalowanso fodya mpaka kalekale. Zaka zonsezi ndinkadzinamiza kuti mwina chaka china tidzabzala pang'ono. Zinandiwawa, Amayi, kuposa tsiku limene tinadula munda.

Tsiku lofolera, Filipo anakwera yekha pamwamba kukasasula udzu wakale, poopa kuti ana a eni angagwe. Atangotukula mtolo woyamba, kunatsika fungo. Linali litabisala mu udzumo zaka zonsezi: fungo la fodya wouma, lija linkakhala m'chitenje chanu mukabwera kudzatisambitsa, lija tinkagona nalo tikadwala malungo mutatifungatira. Ndinaimirira pansi ndi mtsuko wa thobwa m'manja. Nditakweza maso ndinaona alongo atakhala pamtanda, udzu uli pachifuwa, bambo wa imvi zake akulira ngati mwana. Anthu obwera aja sankamva kanthu, ankangoti alongo fumbi lawalowa m'maso. Tinawasiya aganize choncho. Mphepo inawomba, ndipo pofika masana fungo lija linali litapita.

Denga latha, ndipo ndi la mawangamawanga ngati nkhanga, lofiira apa, labuluu apo. Mvula yoyamba inagwa sabata yatha, phokoso lake a kwaya sankamvana, koma palibe ananyowa. Mphanda ndi zanu zomwe zija, mmisiri anazigogoda zonse napeza kuti zowola n'zochepa. Mikangala ndakana kuti aichotse.

Ndikulonjezani ichi, Amayi. Ine ndili moyo, pamenepa sipadzamangidwa khoma kapena kuikidwa chitseko. Ndipo aliyense wobwera kudzapempha holo ndidzamulola, koma ayambe wakhala pamkeka ndimuuze kuti dzina lake ndi chigafa, ankapachikamo fodya, ndipo anachimanga ndi mayi anga a Nabanda.

Mupereke moni kwa atate ndi malume. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Agnesi