Moto Sunali pa Pulogalamu

Lolemba, 13 Juni 1994
Pulogalamu yolandirira alendo yabwezedwanso kuchokera ku Lusaka. Alendowa, oimba ndi ovina a dziko lija la ku Asia lomwe silitulutsa anthu ake wamba, safuna mphindi ndi imodzi yomwe yosalembedwa. Wokapereka moni aliyense dzina lake lidziwike. Nyimbo zathu ndazimasulira zonse kuti aziwerenge kaye. Bwana akuti, "Ba Mainess, ofisa wa zachikhalidwe ndimwe, musatichititse manyazi." Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 15 Juni
Ku Nkomeshya, kukaona gulu lathu la ovina. Ba Vitalis a ng'oma andiseka: "Na galu wanga mumulembe, amanikonkha kulikonse." Sindinaseke.

Lachisanu, 17 Juni
Alendo afika 9 koloko ndendende, pamzere. Wolankhula ndi mmodzi yekha, womasulira wa suti yotuwa.

Ndinaiwala kuzizira. Zikopa za ng'oma zathu zinali zitafooka, ndipo moto wowambira sunali pa pepala. Ba Vitalis anayatsa udzu kuseri kwa holo. Tonse kudikira.

Woimba ng'oma wawo, bambo wamfupi waimvi, anamva kugogoda, nachoka pamzere. Ndinamupeza atanjuta pamoto, akutembenuza ng'oma, akuyesa chikopa ndi chala. Ba Vitalis ayamba, iye ayankha. Kuseka onse awiri. Kenako wa suti anatulukira. Sanakalipe. Anayang'ana wotchi, nalemba m'kabuku. Bamboyo anachotsa manja pang'oma msanga, nabwerera pamzere.

Loweruka, 18 Juni
Ndachapa, ndasita. Manja aja sakundichoka m'maso.

Lolemba, 20 Juni
Wa suti wabwera ku ofesi. Akufuna kalata yoti akaipereke kwawo: anauza munthu wawo kuchoka pamzere ndani? Ndafunsa, nanga ngati palibe? Wayankha mwaulemu, "Ndiye kuti anapita yekha, ndipo akafotokoza yekha kwathu."

Bwana pakhonde: "Lembani chabe zoona. Mukadziikamo, nkhani ifika ku unduna, nchito ingathe. Ine siniliko."

Lachiwiri, 21 Juni
Kalatayo ndaitaipa ndekha pa makina. Ndalemba kuti ndinamukoka pamkono ndine, iye atakana kawiri. Ndasaina dzina lonse.

Wa suti waiwerenga ataimirira, kenako wandiyang'ana nthawi yaitali.
"Anakana kawiri?"
"Kawiri."
Wasuzumira kukhomo, watsitsa mawu. "Katatu kungakhale bwino, mayi."

Ndalowetsa pepala lina mu makina.