Nkhonya ya M'katuni Yaimitsa Ukwati Wanga

Mlongo wanga,

Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuchitako bwino, koma Abambo mphamvu zachita kuwachulukira.

Loweruka ndinabwera naye bwenzi langa, wokonza zikepe uja, kuti tikambe za tsiku la ukwati. Tayi anavala, nsapato anapukuta, mawu anachita kuloweza. Tsoka ilo, tinapeza Abambo akuonera katuni. Paja chipumireni pa ntchito yophunzitsa fizikisi amaonera makatuni cholembera chofiira chili m'manja, ati azigwira zolakwa.

Tisanakhale n'komwe, chimunthu china cha tsitsi lobiriwira chinamenya pulaneti nkhonya imodzi, pulanetiyo n'kuphwanyika ngati dzira.

Abambo anati ndi bodza. Ati ukamenya chinthu, nacho chimakubwezera mphamvu yomweyo, ndiye chimunthucho chikanangouluka chokha ngati ntchentche, pulaneti osamva kanthu. Mwamuna wanzeru akanangogwedeza mutu. Wangayu anakonza tayi, n'kunena kuti inde ndi bodza, koma chifukwa chake si chimenecho. Ati ngakhale itasweka, zidutswazo zikanakokananso n'kuumbana, pokhapokha nkhonyayo itakhala ndi mphamvu imene dzuwa limatulutsa sabata yathunthu.

Wamva? Onse akuvomereza kuti n'zosatheka. Akungolimbirana chifukwa chake!

Awiriwo anatsitsa kalendala pakhoma n'kudzaza masamu kuseri kwake. Itadzadza anang'amba katoni ya mankhwala a Amayi. Tiyi anazizira kawiri. Za ukwati palibe anatchula. Potsanzikana, Abambo anati sangapereke mwana wawo kwa munthu woyankha funso lachiwiri asanamalize loyamba.

Tsono ndiulule. Tsiku Lachiwiri, aliyense wa iwo anandipempha kuti ndiweruze, poti ndinafika ku koleji. Ine ku kolejiko ndinkaphunzira mbiri yakale, iwe ukudziwa. Ndinangoti onse akulondola. Pano Abambo akuti ndilibe mutu, bwenzi langa akuti ndilibe mbali, ndipo onse akundiyankha ndi mphuno.

Ndiye chonde, iwe amene unalephera fizikisi m'kalasi mwa bambo ako omwe, undipulumutse. Lamlungu masana ndiwakhazika onse awiri pabalaza. Uimbe foni. Uwauze mopanda manyazi kuti n'zotheka, ndipo kuti chimunthucho chikhoza kuphwanya mapulaneti awiri ndi dzanja lamanzere. Usagonje msanga ayi. Akayamba kukukalipira limodzi, wina akumalizitsira mnzake mawu, ine ndilowetsa nkhani ya tsiku.

Usaope. Pa za sayansi Abambo anakutaya kalekale, palibe chimene uluze. Ine ndikhoza kuluza mwamuna.

Mulungu akusunge. Upereke moni kwa alamu ndi ana, koma usawauze zimenezi, angayambe nawonso kuwerengetsa.

Ndine mlongo wako wotopa,
amene mpaka pano sanakwatiwe.